Chitenje cha Mbalame Zachikasu

Loweruka, pa 9 Ogasiti.

Ndadzuka ndi mtima wosakhazikika. Kunja kuli mphepo ija ya Ogasiti imene imalowetsa fumbi ngakhale m'kapu yovundikira. Amayi akusita chitenje chawo cha kutchalitchi, ndipo fungo la nsalu yatsopano ikakumana ndi nsimbi yotentha lafika mpaka kuchipinda kwanga. Fungo limeneli landikumbutsa holide ya chaka chimene ndinali mu Giledi 7, pamene asisi Misozi ankakhala nafe kuno ku Masala. Ndaona kuti ndilembe zimene ndikukumbukira ndisanatsegule mabuku a mayeso.

Asisi Misozi ndi mwana wa atate aakulu a ku Katete. Anabwera ku Ndola kudzalongedza katundu pa fakitale ina ku Heavy Industrial Area, koma ntchitoyo inatha mosayembekezera. Sanabwerere kumudzi. Anasesa kachipinda kakuseri komwe tinkasungamo makala, n'kuikamo thebulo la mwendo umodzi waufupi, umene anauchirikiza ndi njerwa. Pamenepo ankapangira mabokosi oikamo mphatso. Ankatola makatoni kumashopu, kuwadula ndi mpeni, kuwamata, kenako n'kuwakuta ndi zidutswa za chitenje zimene matelala a mumsika wa Masala ankafuna kutaya. M'kati ankaikamo sopo wonunkhira, kathawulo ndi kapu. Anthu ankagula limodzilimodzi, la tsiku lobadwa kapena lopita nalo kwa wodwala.

Atate sankaiona ngati ntchito. Iwo anagwira pamgodi mpaka msana unakana, ndipo kwa iwo ntchito inali ya ovolosi ndi malipiro a pamwezi. Anali atawapezera asisi malo kwa mnzawo wina woyang'anira nyumba yosungiramo katundu. Anagwirizana ndi asisiwo kuti Ogasiti akatha popanda chooneka, achotsa thebulo lawo n'kukayamba kumeneko, ndipo makala abwerera m'chipinda mwake. Tonse tinkadziwa zimenezi, ngakhale kuti pa chakudya sitinkazitchula.

Ine ndi Mapalo, mnzanga wa nyumba yoyandikana, tinkakhala pakhomo pa kachipindako kungoonerera. Tsiku lina asisi anatipatsa sizasi n'kunena kuti maso okha samata bokosi. Anatiphunzitsa kusita nsalu isanamatidwe, kupaka guluu mopyapyala ndi chidutswa cha katoni, ndi kupinda ngodya kuti zisatuluke ngati makutu a mbuzi. Bokosi langa loyamba analitembenuza uku ndi uku, n'kulimatula lonse. Ndinalira. Iwo anandisiya ndilire, kenako anandipatsa nsalu ina.

Pakati pa mweziwo panabwera oda yaikulu yoyamba. Mayi Daka a ku Ipusukilo, ku Kitwe, ankakonza kichini pate ya mwana wawo, phwando la amayi okhaokha lolangiza ndi kutsanzika mtsikana amene akukwatiwa. Ankafuna mabokosi opatsa alangizi ndi amayi onse a kuchimuna. Anamva za asisi kudzera mwa abale awo a kuno ku Masala, amene amapemphera ndi amayi mu mphakati umodzi. Vuto linali nsalu. Mayi Daka ankafuna mabokosi ofanana, pamene zidutswa zathu zinali zosiyanasiyana ngati nyemba zosakaniza.

Tinazungulira matelala onse mpaka tinafika kwa a Mwale, amene ankasokera pafupi ndi ogulitsa tinsomba ta kapenta. Iwo anakoka thumba lalikulu pansi pa makina. "Tengani ili, likungondidyera malo," anatero. Thumba lonse linali la nsalu imodzi, yobiriwira, yokhala ndi timbalame tachikasu totambasula mapiko. Asisi anavina pomwepo, matelala ena n'kumawaombera m'manja. Mapalo anasenza thumbalo pamutu ngati wabwera kuchokera kumunda wa bambo ake.

Sabata imeneyo ndimaikumbukira m'zala. Guluu ankauma pakhungu, ndipo madzulo ndinkamusenda ngati njoka ikufundula. Magetsi ankazima m'mawa, choncho tinkasita ndi nsimbi ya makala, kuiuzira mpaka maso kufiira. Chitseko chinkakhala chotseka kuti fumbi lisagwere pa guluu, ndipo m'kati munkatentha ndi kununkha makatoni, utsi ndi sopo. Kunja tinkamva makondakitala akuitanira anthu a kutauni, ndi mayi wa tomato amene ankayimba mtengo wake ngati nyimbo ya kwaya. Mabokosi anakwera m'mbali mwa khoma, timbalame tonse tikuulukira mbali imodzi. Atate anasuzumira kamodzi, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono kuti mphepo isalowe.

Lachisanu m'mawa, kutatsala tsiku limodzi kuti phwando lichitike, ine ndi asisi tinakwera minibasi ya ku Kitwe. Kondakitala ankafuna kukankhira masaka athu pansi pa mipando, koma asisi anakana, ndipo tinawanyamula pamiyendo njira yonse. Ku Ipusukilo tinadutsa m'tinjira topapatiza, pakati pa ogulitsa makala ndi mafuta ophikira a m'timabotolo. Nyumbayo sinavute kuipeza. Pabwalo panali amayi ambiri, ena akusosola nkhuku, ena akusenda mbatata, ndipo ng'oma zinali zitatsamira khoma padzuwa kuti zikungike.

Mayi Daka anatilandira bwino, anatipatsa mpasa ndi madzi akumwa. Asisi anamasula saka loyamba n'kutulutsa bokosi limodzi ndi manja awiri. Mayiwo analiyang'ana, nkhope yawo inasintha, ndipo analiika pansi msanga ngati lawatentha. Amayi a nkhuku aja anasiya kucheza. Mayi wina wachikulire, mlamu wawo wa Mayi Daka, anabwera akupukuta manja.

"Iwe mwana, nsalu iyi waitenga kuti?"

"Kwa telala wa ku Masala, amayi."

"Iyi ndi nsalu imene tonse tinavala poika mchimwene wanga, bambo wa mkwatibwi. Chaka sichinathe. Ukufuna apongozi athu atsegule maliro pa kichini pate?"

Apa m'pamene tinamvetsa chifukwa chimene thumba lija linali la nsalu imodzi. Abale a ku Masala anagula chitenje cha maliro monga achitira mabanja, kuti onse avale zofanana, ndipo anakasoketsa madilesi awo kwa a Mwale. Ife tinatola zotsala zake.

Ine ndinayang'ana asisi, ndikuyembekeza kuti anene kuti sitinkadziwa, kuti wolakwa ndi telala. Iwo anagwada. "Pepani, amayi. Ndinayenera kufunsa," anatero. Kenako anasendera pafupi ndi Mayi Daka, amene anali atayamba kulira mwakachetechete, n'kukhala pansi miyendo itatambasulidwa monga tikhalira pamaliro. Anakhala choncho nthawi yaitali osatchula za mabokosi. Ine ndinkangoona dzuwa likukwera, ndipo m'mutu mwanga munali thebulo lija likutulutsidwa m'chipinda.

Mayi Daka atapukuta misozi, asisi anafunsa ngati angalole kuti tiwakutenso pomwepo. Mlamu uja anati nthawi palibe, tingonyamula katundu wathu. Koma Mayi Daka analowa m'nyumba n'kutuluka ndi zitenje zitatu zatsopano za m'sutikesi mwawo, zosiyana mitundu. Asisi anamasula chawo cha m'chiuno n'kuonjezerapo. Guluu ndi sizasi anali nazo m'chikwama, poti sankayenda popanda zimenezo.

Kumatula kunali kovuta kuposa kumata. Nsalu inkachoka ndi khungu la katoni, ndipo mabokosi ena anang'ambika osathekanso kukonza. Atsikana a panyumbapo amene anatumidwa kukatunga madzi anaika zidebe pansi n'kuyamba kutionerera. Asisi anawapatsa sizasi, n'kuwaonetsa monga anationetsera ife, kulankhula Chibemba kwa ena ndi Chinyanja kwa ena. Ine anandiika kuti ndiziona ngodya za aliyense. Aka kanali koyamba kuti ndiphunzitse munthu chinthu, ndipo ndinabweza bokosi la mtsikana wamkulu kuposa ine. Iye anandiyang'ana moipa, koma analikonzanso. Dzuwa likulowa tinamaliza. Mabokosi anali ochepa kuposa amene analamulidwa, ndipo sanali ofanana.

Zidutswa zobiriwira zija asisi anazisonkhanitsa, osasiya ngakhale kamodzi pansi, n'kufunsa Mayi Daka chochita nazo. "Ndipatse kuno," anatero mayiwo. Anaziwongola pabondo chimodzichimodzi, anazipinda, n'kulowa nazo kuchipinda kwawo.

Tinagona komweko n'kuonerera phwando mawa lake. Mabokosi anaperekedwa ng'oma zikulira, ndipo mayi wina wa kuchimuna anavina nalo lake lili pamutu. Titabwerera ku Masala, atate anafunsa mmene tayendera. Ndinkaganiza kuti asisi anena za kuvina kokha, koma anafotokoza zonse, kuyambira pa thumba la a Mwale. Atate anamvetsera atazyolika.

"Ndiye mayi wofedwayo anakulola kukonzanso pakhomo pake?"

"Anandilola, atate."

Lolemba atate anapita kwa mnzawo wa kunyumba yosungiramo katundu uja. Tinkaganiza kuti akukatenga tsiku loti asisi ayambe ntchito. Anabwera masana akukankha njinga, kumbuyo atamanga mulu wa makatoni oyera, osanyowa, osang'ambika. Anawatsitsa pakhomo pa kachipinda kaja n'kupempha madzi osamba.

Lero asisi ali ndi kashopu kawo m'tauni, ndipo Loweruka lililonse amaphunzitsa atsikana a kusekondale. Mapalo amapanga zomangira tsitsi n'kumagulitsa kusukulu kwathu. Mtsikana uja ndinamubwezera bokosi ali ndi thebulo lake ku Kitwe. Aliyense wa ife akapatsidwa zidutswa zambiri za nsalu imodzi, amayamba wafunsa telala kuti anasokera ndani, ndipo pa mwambo wanji.

Nthawi ija ndinachita manyazi kuona asisi atakhala pafumbi pamaso pa anthu. Ndinkaganiza kuti agonja, kapena kuti akunyengerera kuti oda isawapulumuke, ndipo ndinkaona kuti nthawi imene anakhala chete inali yotayika. Tsopano ndikuona kuti iwo anazindikira msanga chimene ine sindinachione: kuti tinabweretsa maliro pakhomo pa munthu, ndipo wobweretsa maliro sathamangira malonda. Anandiuza chaka chatha kuti anali ndi mantha tsiku lonse lija. Ine ndinkaganiza kuti saopa kanthu.

Mayi Tembo a mu mphakati wathu akhala akundipempha kuti ndiwapangire mabokosi a ubatizo wa mwana wawo, ine ndekha, popanda asisi. Ndakhala ndikuwazemba poopa kulakwitsa. Mawa tikatuluka mu Misa ndiwadikira pa geti, ndiwauze kuti ndavomera, ndipo ndiwapempha kuti nsalu tikasankhe limodzi.