Bambo Anyosisye, Amene Anatula Chikho Chifukwa cha Mpongozi

Abusa andipempha kuti ndilembe za malemu Bambo Anyosisye Mwakibinga m'kalata ya mpingo ya mwezi uno. Ndavomera, koma mtima sunakhale m'malo, pakuti nkhani yawo imandichititsa manyazi ineyo pamodzi ndi ena mwa inu.

Anabadwa mu 1941 kumapiri kuno ku Tukuyu, nakula akuweta ng'ombe za atate awo. Anabatizidwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu, kenaka anathyola tiyi zaka makumi atatu. Anali munthu wosakhazikika. Ukawapatsa mpando ankakhala kunsonga ngati pali minga. Mu 1979 anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, ndipo ntchito yawo inali yoyendetsa chikho cha Mgonero m'mizere, kuyambira kwa abambo mpaka kwa amayi. Ankaikonda zedi. Tsiku la Mgonero sankalawa kanthu mpaka atatsuka chikhocho n'kuchikulunga m'nsalu.

Mu 1996 mwana wawo Gwakisa anakwatira Tumpale, mtsikana wa m'kwaya. Mwambo wathu mukuudziwa: mkazi sayang'ana nkhope ya apongozi ake aamuna, satchula dzina lawo, akawaona panjira amapatukira m'munda wa nthochi. Masabata wamba sizinkavuta, Tumpale ankakhala kumbuyo atazyolika. Koma la Mgonero, chikho chikangoyandikira kwa amayi, iye nyamu, watuluka. Zaka zisanu ndi zinayi! Ife amayi tinkanong'onezana kuti ali ndi tchimo lobisa. Inenso ndinanenako, Mulungu andikhululukire.

Mu 2005 achinyamata anayamba kuthawira ku mpingo wina umene unakhoma tenti pafupi ndi msika. Tinaitana msonkhano woti tione kumene tikulowera. Phokoso lake! Wina akuti tigule kiyibodi, wina akuti ng'oma n'zachikunja, wina akuti amuna ndi akazi azikhala mosakanikirana. Kenaka Gwakisa anaimirira.

"Inu mukulimbana ndi zoimbira. Mkazi wanga akupita ku tenti Lamulungu likudzali. Akuti kumeneko akalandira Mgonero, poti woperekera si apongozi ake."

Bambo Anyosisye anadzambatuka.

"Ukuti chiyani iwe? Ine ndinkayesa amatuluka kukayamwitsa! Zaka zonsezi mwanayo wakhala ndi njala chifukwa cha ine?"

Abusa a nthawiyo anali achinyamata, ongochoka kusukulu. Anati, "Nkhani yochepa iyi. Tilembe kuti m'nyumba ya Mulungu mwambowu watha." Ndinalemba ndine, monga mlembi. Bambo Anyosisye anatumanso mlongo wawo kukauza Tumpale kuti amumasula. Yankho linabwera lotere: "Mukawauze kuti ndathokoza, koma khosi langa likukana kudzuka. Ndikawayang'ana ndiona ngati ndatukwana amayi amene anandilera." Ku tenti sanapite sabata imeneyo, anati adikire kaye Mgonero wina umodzi.

Masabata atatu mkuluyo sanapeze mtendere. Tsiku lina m'mawa anafika kwathu ndikusenda nthochi, mpando anaukana.

"Mayi mlembi, pepala lanu lamumasula mwanayo, koma thupi lake silinamve. Ndiye achoke ndani, iye kapena ine?"

"Bambo, mwakula. Takhalani phee, abusa agamula kale."

"Phee ndikakhala kumanda. Abusa agamula, koma mwanayo wadya?"

Lamulungu lotsatira anapereka chikho m'manja mwa abusa, natula udindo. Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse la Mgonero ankalawirira wapansi kukapemphera ku nthambi yathu ya kutsidya kwa mtsinje, ulendo wa maola awiri. Akamadutsa pamsika, amuna omwa mowa ankawaseka: "Akuluakulu, akulandani chikho? Munkapsontha kuseri eti?" Iwo ankangoti, "Eya, n'chokoma, mubwere mudzalawe." Zinkawapweteka, ndikudziwa, chifukwa tsiku lina ndinawapeza ataima pazenera la tchalitchi akuyang'ana wina akutsuka chikhocho, misozi ili mbwembwembwe.

Tumpale anakhalabe mumpingo mwathu. Tsiku limene analandira koyamba analira mpaka kulephera kumeza, ndipo ife onong'ona tinasowa poyang'ana. Sindinama kuti zonse zinakonzeka. Ena anapitabe ku tenti, kiyibodi tinagula, ndipo za kakhalidwe ka m'mizere tikukanganabe mpaka pano.

Akazi a Bambo Anyosisye anamwalira mu 2012. Miyendo itayamba kukana, mkuluyo analeka kuwoloka mtsinje. Tsiku la Mgonero ankakhala panja, kuseri kwa khoma, pa chipika, kaya kuli mvula, ndipo mkulu wina ankawapititsira chikho komweko. Titawapempha kuti alowe, poti Tumpale atha kukhala patali, anati, "Akangodziwa kuti ndilimo, ameza ndi mantha. Musiyeni adye bwino."

Mwezi wa Epulo chaka chino anagona osadzukanso. Tumpale ndiye ankaphika, n'kumasiya mbale pakhomo kuti Gwakisa alowetse. Lachinayi masana abusa anabwera ndi Mgonero, ine ndikuwaperekeza. Mkuluyo anapempha Gwakisa kuti awatembenuzire kukhoma, kenaka anati, "Muuze mwanayo alowe, ndayang'ana kumbali. Sindinadyepo naye pa gome limeneli."

Tumpale analowa chokwawa, nagwada kumsana kwawo. Analandira onse awiri. M'mawa mwake mkuluyo anatsirizika mwakachetechete, akuyang'anabe kukhoma.

Pa maliro, bokosi lisanatsekedwe, Tumpale anadzuka pakati pa amayi. Azakhali ena anamugwira nsalu kuti akhale pansi, iye anaisolola. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana m'bokosimo. Pobwerera anakhala pambali panga, nandigwira dzanja.

"Amayi, zaka zonsezi ndawadziwa kumsana kokha. Kani nkhope yawo ndi yomweyi ya mwana wanga woyamba."