Pasiwedi ya Malemu Mhone

Ndinanyamuka ku Lilongwe Lachitatu nthawi ya seveni m'mawa, tikiti ya K35,000 ili m'manja, envulopu ya chipepeso ili m'thumba la jekete. Pa fomu ya ku ofesi ndinalemba kuti ndikukayendera ntchito ku Mzuzu. Linali bodza. Ndinkapita kukapempha pasiwedi kwa mayi wamasiye.

Nkhani yake ili motere. Bungwe lathu limathandiza kachipatala kena ku Luwinga, mumzinda wa Mzuzu, ndipo woyang'anira pulojekiti ya makompyuta ndine. Mbiri ya odwala shuga ndi BP, mankhwala amene aliyense amamwa ndi mlingo wake, zonse zili mu seva imodzi, kompyuta yosunga zinthu za chipatala chonse. Anaikonza ndi Wongani Mhone, pogwiritsa ntchito mapulogalamu a open source, aja amene aliyense angathe kutenga, kusintha ndi kugwiritsa ntchito osalipira. Mabwana athu atamva kuti ndi aulere anasangalala mpaka kuganiza kuti ndi munthu wowasamalira yemwe safuna kudya. Kontirakiti ya Wongani itatha sitinaiwonjezere, ndipo kalata yomuuza zimenezo ndinasaina ndine. Patatha miyezi isanu anamwalira. Kumaliro sikunapite ndi mmodzi yemwe wa ife. Ndiye Lolemba lapitalo magetsi anathima ku chipatalako, batire linatha, seva itayakanso inayamba kufunsa pasiwedi imene munthu wamoyo aliyense sankaidziwa.

Tisanafike pa Mponela mlaliki anali ataimirira kale pakati pa basi, kutiuza kuti tonse tidzafa. Ndinkadziwa. Pa Kasungu ndinagula tchipisi cha K2,500 cha pachiwaya, mafuta ake akuda ngati a injini, ndipo mayi amene ndinakhala naye mpando umodzi, wogulitsa zitenje, anayang'ana jekete langa lakuda.

"Ndi maliro, bambo?"

"Maliro anachitika kale, mayi. Miyezi itatu yapitayo."

"Nanga mukukatani?"

Ndinalowetsa tchipisi m'kamwa kuti ndisayankhe. Iwo anangoti "Hmm," n'kutembenukira kuwindo.

Titadutsa Jenda, abwana anaimba foni. Anandilangiza kuti ndikafika ndisayambe ndi za pasiwedi. Ndipepese kaye, ndikhale pang'ono, ndifunse za ana, kenako ndilowe m'nkhani pang'onopang'ono. Munthu amene sanatumize ngakhale uthenga wa pafoni tsiku la maliro anali kundiphunzitsa mwambo wa pasiwa! Mwamwayi tinalowa mu Chikangawa, netiweki inatha. Kunja kunali nkhungu ndi zitsa za mitengo ya paini, mapiri ometedwa mpala, ndipo mphepo yozizira inkalowera pawindo lina losatsekeka bwino.

Tinafika ku Mzuzu cha m'ma wani koloko, kukuwaza kamvula kopanda chochita, kosanyowetsa kwenikweni koma kosaleka. Minibasi ya ku Luwinga inali K1,000. Tinapanikizana anayi pampando wa atatu, ine pakati pa ophunzira awiri a ku yunivesite amene ankakangana m'Chitumbuka chosakaniza ndi Chingerezi za mtengo wa chipinda cha lendi. Kondakitala anakhala theka mkati theka kunja, akufuulabe kuti malo alipo.

Ku chipatala ndinapeza mabenchi odzaza. Sisitala Gondwe, namwino wamkulu, anandilandira osamwetulira.

"Mwatandala uli, adada? Ndinu a ku Lilongwe aja? Bwerani muone."

Sananditengere ku seva. Ananditengera kwa bambo wina wachikulire amene anakhala kumapeto kwa benchi atagwira kabuku ka kuchipatala konyowa, masamba ake omatana, inki yosungunuka.

"Adada awa amabaya jakisoni wa shuga. Mlingo tinawasinthira mwezi watha, iwo sakukumbuka, buku ndi limeneli. Ndiwapatse wochuluka bwanji? Ndikaphonya akomoka kunyumba. Lero ndi tsiku lachitatu akubwera wapansi kuchokera ku Salisbury Lines."

Bamboyo anandiyang'ana mwaulemu n'kunena kuti, "Yewo, bwana." Ankaganiza kuti ndabwera ndi yankho.

Seva inali m'kachipinda kosungiramo mopu, yoyera bwino, nthambo zake zomangidwa mwadongosolo, iliyonse ili ndi kapepala kolemba kumene ikupita. Pasikirini yakuda panali mzere umodzi wokha wofunsa pasiwedi. Ndinayesa dzina la chipatala, dzina la Wongani, dzina la bungwe lathu. Ndinayesanso mzuzu123, ine munthu wa madigiri awiri.

"Mukudziwa kuti mutamuchotsa ntchito ankabwerabe?" anatero Sisitala ali kumbuyo kwanga. "Loweruka lililonse, ndi transipoti yake. Ankati makina salabadira kuti kontirakiti yatha. Anasiya atayamba kudwala chomene."

Sindinkadziwa. M'malipoti anga ndinkalemba kuti dongosololi likuyenda lokha popanda vuto, ndipo ndinkanyadira.

Nthawi ya fili koloko ndinabwerera m'tauni n'kukwera sakramento, njinga yakapalasa yonyamula anthu, yopita ku Chibavi. Woyendetsa ananena K800, atawona nsapato zanga anati K1,200 chifukwa cha matope. Ndinalibe mphamvu yotsutsana naye. Tinadutsa m'tinjira toterera, madzi a m'ngalande akusefukira, iye akupalasa ataimirira. Nambala ya nyumba ndinalibe.

"Mukufuna kwa njani, bwana?"

"Kwa malemu Mhone."

"Wa makompyuta yura? Aa, mukananena kale. Foni yanga ankandikonzera mahala. Inu ndinu abale ake?"

"Tinkagwira ntchito limodzi."

"Koma pamaliro sindinakuoneni," anatero, osati mwachipongwe, ankangokumbukira basi.

Mkazi wa malemuyo, NyaLongwe, ndi mphunzitsi wa pulayimale, kwawo ku Nkhata Bay. Ndinamupeza akuchonga makope a ana asukulu pakhonde, atavala duku lakuda. Ndinavula nsapato, ndinakhala pamene anandilozera, ndinapepesa ndendende momwe abwana anandiphunzitsira. Ndinafunsa za ana. Ndinapereka envulopu ndi manja awiri. Anaiyika pamwamba pa makope osatsegula.

"Yewo chomene, adada. Tsopano nenani chimene mwabwerera. Ku Lilongwe n'kutali, simungakwere basi chifukwa cha pepani yekha."

Ndinafotokoza za seva, za pasiwedi, za bambo wa jakisoni uja. Ndinafunsa ngati laputopu ya malemu ilipo.

"Laputopu inapita tsiku logawa katundu. Anatenga asibweni ake, amalume, akuti ndi ya mwana wawo. Anafufutitsa zonse pamsika, pano amaonerapo mafilimu." Anandiyang'ana. "Koma mukuifunira chiyani? Zonse analemba m'buku. Kope la chikuto cholimba, masamba onse odzaza. Analemba sabata ziwiri ali pabedi. Ndinamuletsa, koma mu Epulo anakwera basi yekha kukalipereka ku ofesi kwanu, chifukwa ankati zoterezi satumiza pafoni. Pa envulopu analembapo dzina lanu."

Pamenepo ndinaiwona envulopuyo m'maganizo mwanga. Yakhaki, yonenepa. Ndinailandira kwa mlembi wathu ndikuthamangira kumsonkhano, ndinaona dzina la Wongani kumbuyo, ndinaganiza kuti ndi dandaulo la ntchito, ndipo sindinafune kuliwerenga. Tsiku lomwelo pulojekita ya m'chipinda cha misonkhano inkaloza pansi kwambiri. Ndinaikhazika pa envulopu ija, chithunzi chinakwera bwinobwino pakhoma.

Ndinaimbira Mayi Banda, mlembi wathuyo, ndili pakhonde pomwepo, n'kuwapempha kuti akaone pansi pa pulojekita. Ndinawamva akuyenda, akutsegula chitseko, akung'amba pepala.

"Ilipo, bwana. Muli kope. Tsamba loyamba alemba ndi zilembo zazikulu kuti munthu mmodzi asamadziwe zimenezi yekha, muphunzitse wina msanga. Ndipitirize?"

Pasiwedi inali patsamba lachiwiri. Ndinailemba padzanja ndi cholembera chofiira cha NyaLongwe, ndinaimbira Sisitala Gondwe, ndinamuwerengera chilembo chimodzichimodzi. Sipanathe mphindi zitatu. "Yatseguka. Adada aja akadali pano, ndikuwaona mlingo wawo," anatero, n'kudula foni osatsanzika.

Ndinatumiza uthenga kwa abwana. Anayankha msanga, kundiyamikira kuti ndagwira ntchito yotamandika, kuti adzanditchula pamsonkhano wa Lachisanu.

NyaLongwe anali atayambiranso kuchonga makope. Ndinavala nsapato zanga zamatope, ndikufunafuna mawu, koma onse amene ndinali nawo anali a m'malipoti.

"Anadikira pa benchi la ku ofesi kwanu maola atatu, akutsokomola," anatero osakweza mutu. "Anamuuza kuti muli pamsonkhano. Atabwera kuno anali wosangalala chomene. Anati, NyaLongwe, tsopano mtima wanga uli m'malo, buku lija lafika m'manja mwa munthu wosamala."

Ndinabwerera m'tauni wapansi, kamvula kakuwazabe. Msonkhano umenewo ndikuukumbuka bwino, chifukwa wotsogolera ndinali ine. Tinakhala tsiku lonse m'chipinda cham'mwamba, ndi tiyi ndi masamusa, kukambirana mmene tingachitire kuti pulojekiti yathu ikhale yokhalitsa, pamene munthu yekhayo amene ankadziwa yankho anali pansi, pa benchi. Mapulogalamu aja ndi aulere ndithu, palibe amene anatinamiza. Analipira ndi Wongani, ndipo ine sindinatsike ngakhale masitepe khumi kukamupatsa moni.