Manja a Mayi Pauline

Kwathu kuno kunyanja, sikelo ya ana imabwera kamodzi pamwezi, panjinga ya alangizi a zaumoyo. Mtsinje ukadzaza njinga imabwerera kutsidya, ndipo panthambi ya mango pomwe amakolekapo sikelo pamangotsala chingwe chikugwedezeka. Miyezi imeneyo sikelo yathu ndi Mayi Pauline.

Mayiwa sukulu sanapite nayo patali. Akhala akusenza mabeseni a usipa zaka makumi atatu, mpaka manja awo anazolowera kulemera kwa chinthu. Akakumana ndi mwana panjira amamukweza m'mwamba, n'kutsinzina ngati akumvetsera nyimbo yakutali. Amati kutulo amaona ana onse a m'mudzi akulendewera mumtengo uja, akuseka, kamphepo kakuwakankha pang'onopang'ono. Ena amati mutu wawo sukoka. Ine ndimawakonda.

Chaka chatha mu Febuluwale, nyanja ili bata, nkhungu zikufuka patali ngati utsi, anapeza Raisa atafukata mwana wake Eliza, wa zaka ziwiri. Mwanayo anali atatupa masaya ndi mapazi. Anansi anali ataweruza kale kuti ndi tsempho: ati bambo ake, a Fletcher, amene anatsatira usipa ku Nkhotakota, ayenda ndi mkazi wina, ndiye mwana sachira mpaka abwere adzaulule. Zimenezi zimandipsetsa mtima. Mwana akutsirizika, ife tili kalikiliki kuzenga mlandu munthu woti palibe.

Mayi Pauline ananyamula mwanayo, natsinzina nthawi yaitali. Kenako anamudina phazi ndi chala. Panatsala kadzenje kosabwerera.

"Iwe Raisa, uku ndi kutupikana, zakudya zaperewera m'thupi. Mwanayu sangadikire bambo ake. Tenga kabuku kake ka sikelo, tiye."

"Koma amayi, anthu anena chiyani?"

"Anena ife tili panyanja."

Poti msewu unali utaduka, anapempha boti la asodzi. Ulendo wonse Eliza anali kumsana kwa Mayi Pauline, osalira n'komwe, madzi akunong'ona m'mbali mwa boti, mapiri akutsidya akusungunuka m'chifunga. Iwo ankangomvetsera kampweya kake kofunda pakhosi pawo, akuopa kuti kasiya. Kuchipatala anamugoneka, n'kuyamba kumupatsa mkaka wamankhwala, pambuyo pake chiponde.

Patatha masabata atatu boti linawabweretsa. A Fletcher anali atafika, ataima okha pagombe, popeza palibe amene ankawapatsa moni. Kutupa kunali kutaphwa, mwana atatsala wochepa, timikono ngati bango.

"Amayi, mwana wanga watha chonchi?" anafunsa. "Ndithu ine sindinachite kanthu."

"Ndikudziwa, bambo," anatero Mayi Pauline. "Zathazo anali madzi. Uyu ndiye mwana wanu, mulandireni."

Eliza anawayang'anitsitsa, nawakoka malaya.

"Ababa, phala."