Kavalo pamalo pa kamsilikali

Mwana wanga wamkazi wachiwiri anaphunzira chesi ali giredi 8, kwa aphunzitsi ena amene anatumizidwa kwathu ku Kavalamanja kuchokera ku Lusaka. Ana anali ambiri, mabolodi awiri chabe, ndiye bambo aja anawaphunzitsa kayambidwe kamodzi kokha. Ukatenga zoyera umayendetsa kamsilikali ka patsogolo pa mfumukazi, kenako umatulutsa bishopu, kenako tiasilikali tina tiwiri timabwera kudzaima ndi koyamba kaja ngati mafuwa. Akavalo amatuluka pambuyo. Ankati mnzako achite zimene akufuna, iwe uzingomanga nyumba yako.

Ine sukulu ndinalekezera giredi 7, koma kayambidwe kameneka ndimakadziwa pamtima. Masana dzuwa likatiletsa kupita kudimba, mwanayo ankandikhazika pamphasa kuti ndiziyendetsa zakuda. Ndinkangokankha chilichonse chimene dzanja lagwira, iye n'kumamanga nyumba yake yomweyo, n'kundidya.

Chaka chotsatira aphunzitsiwo anasamutsidwa. M'nyengo yotentha kwambiri ija kunabwera kalata yoti ku Boma kuli mpikisano wa masukulu onse a kwathu kuno, ndipo mtsikana mmodzi yekha, wopambana onse, adzapita kukasewera ku Lusaka. Mwana wanga anali asanafikeko n'komwe ngakhale ku Chongwe, tauni ya panjira yopita ku Lusakako. Panalibe mphunzitsi womuperekeza, ndiye ndinapita ndine. Tinapemphera, n'kukwera galimoto yonyamula nsomba.

Ife makolo sanatilole kulowa mu holo yosewereramo, tinkaonera pawindo. Pofika masana mwana wanga anali atapambana magemu atatu. Yotsala inali imodzi, yosewera ndi mtsikana wa pa Boma pomwepo, mwana wa wapolisi, amenenso anali asanagonje. Ndinali nditamuona kale mtsikanayo. Akamaliza gemu yake ankabwera kudzaima kumbuyo kwa mwana wanga, manja atapinda, n'kumayang'ana.

Nthawi yopuma tinakhala pamthunzi wa mtengo wa masau. Zitumbuwa zimene ndinamugulira sanazikhudze. Anandiuza kuti mnzakeyo amasewera pafoni tsiku lililonse ndi anthu akutali, ndipo njira ya aphunzitsi amaidziwa. M'mawa womwewo anali atagonjetsa mtsikana wina wa kusukulu kwathu amene anayamba nayo. Akuti bishopu akatuluka msanga amasiya kamsilikali kena kopanda mlonda, ndiye iye amatulutsa mfumukazi yake cham'mbali, n'kudya kamsilikaliko, n'kulowerera m'nyumba. Kunali kayambidwe kena, koyamba ndi kamsilikali ka patsogolo pa mfumu, koma mwana wanga ankangodziwa poyambira pake.

"Amai, zoyera ni zanga. Nichite bwanji?"

Ndinalakalaka akanafunsa munthu wina. Ndinapemphera chamumtima maso ali otsegula, kenako ndinamufunsa kuti kayambidwe kenako anakayesa kangati. Anati kawiri. Ndinafunsa ngati anapambana.

"Kamodzi. Na imwe."

"Ine usaniwerenge," ndinatero, ndipo anaseka pang'ono.

Ndinamuuza kuti ayambe ndi njira imene manja ake akuidziwa. Ndikanalekera pomwepo zikanakhala bwino. Koma mantha anandiyankhulitsa zina, ndinawonjeza kuti asasinthe kanthu ngakhale kamodzi, achite monga momwe aphunzitsi anamuuzira. Anangogwedeza mutu. Atalowa ndinazindikira kuti akagonja, adzagonja ndi mawu anga.

Zitsulo za pawindo zinkaotcha koma ndinazigwirabe. Kamsilikali kanayenda. Bishopu anatuluka. Kamsilikali kachiwiri kanaima pamalo pake. Pomwepo mfumukazi yakuda inatuluka cham'mbali, ndendende monga ananenera.

Mwana wanga anaima. Pambali pa bolodi pamakhala wotchi yowerenga nthawi ya aliyense, ndipo yako ikatha wagonja ngakhale zinthu zikukuyendera. Yake inkayenda, iye osasuntha, chibwano chili pamanja. Ine ndinkadziwa chotsatira, kamsilikali kachitatu, ndipo ndinkanong'ona ndekha kuti yendetsa, mwanawanga, yendetsa. Ana a pamatebulo ena anamaliza n'kutuluka iye akadali chomwecho.

Atatambasula dzanja anagwira kavalo, n'kumuika pamalo pamene pamayenera kuima kamsilikali kaja.

Ndinagwiritsitsa zitsulo zija. Ndinati mwana wasokonezeka ndi mantha, waiwala. Bambo ena a m'ofesi amene anaima pafupi nane, odziwa chesi, anayamwa mano n'kunena kuti wamupatsa mnzake chakudya chaulere. Zoonadi, mtsikana uja sanaganizenso, anadya kamsilikali kopanda mlonda kaja n'kumenya wotchi mwamphamvu. Ndinatseka maso. Sindinapemphe chipambano ayi, ndinangoti Ambuye, mwanayu asachite manyazi pamaso pa anthu chifukwa cha pakamwa panga.

Nditatsegula maso kavalo uja anali atalumphanso, tsopano ali kumbali ya zakuda. Bambo aja anasendera pafupi ndi windo. Patapita nthawi anandiuza motsitsa mawu kuti kavaloyo akulowera kwa mfumu, ndipo akalowa adya china chachikulu chonga nkhokwe chokhala pangodya, pomwe mfumukazi ili kutali, yatanganidwa ndi kudya.

"Amai, mwana wanu sanaiwale. Musapume manje, nthawi yake yachepa."

Sindinapumedi. Chonga nkhokwe chija anachidya, koma gemu inapitirira, ndipo mnzakeyo, ataona wotchi, anayamba kusewera mothamanga kuti amumalizire nthawi. Kamodzi mwana wanga anagwetsa kamsilikali n'kukadzutsa. Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yotani. Ndinangoona mwana wa wapolisi akuyang'ana bolodi, kenako denga, kenako akupereka dzanja kuvomereza kuti wagonja.

Atatuluka anabwera pang'onopang'ono, maso pansi, n'kunena kuti sanandimvere. Anati akanapitiriza kumanga monga mwa masiku onse, kamsilikali kaja kakanapita pachabe, ndiye anaona kuti kuli bwino kapite koma mfumukazi isochere nako. Ndinamuuza kuti theka loyamba anandimvera, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti lachiwirilo analitaya.

Mayi ena oyang'anira mpikisano anabwera ndi pepala loti kholo lisaine, lovomereza ulendo wa ku Lusaka. Ndinalitsamiritsa pamsana pa mwanayo chifukwa panalibe tebulo, ndipo dzina langa linatuluka lokhota, moti mayiwo anandifunsa kawiri kuti chilembo chachitatu n'chiyani.