Malikisi a Mwana Wanga Sanakwere Pachulu

Ine pakamwa panga sipagona nkhani, ndipo pa komboni pathu, pa purazi lina, famu ya fodya kufupi ndi Glendale, palibe amene angatsutse. Nkhuku yanga ikaikira dzira m'mawa, pofika masana anthu a ku shedi ya fodya amakhala atamva. Mwana wanga wamkazi ndiye anatengera malemu bambo ake. Ukamufunsa kuti kusukulu kunali bwanji amangoti "bho", nkhani yathera pomwepo. Zinkandipweteka, chifukwa m'nyumba tinalimo awiri okha, koma za mumtima mwake ndinkazimva kwa anthu ena kapena osazimva n'komwe.

Chaka chimene anali mu giredi seveni, kusukulu kunabwera matabuleti. Sukulu yathu ndi nyumba yakale ya mzungu amene anali mwini purazi, ndipo ana a giredi seveni amaphunzirira m'chipinda chimene iye ankadyeramo. Kunafika galimoto, anyamata n'kukwera padenga kukamanga sola, ndipo ana anabwera kukomboni akuthamanga, aliyense akulankhula zake. Akuti mayeso sadzalembanso papepala. Akuti ukangodina yankho, limauluka lokha mpaka kutauni, makina n'kulichonga, malikisi n'kubwera pafoni. Tsiku limenelo m'nyumba zambiri ndiwo zinapserera. Agogo athu anachoka ku Malawi wapansi kudzathyola fodya kuno, dzina lawo osadziwa kulilemba, ndiye lero zidzukulu zizilemba mayeso pagalasi? Ine ndinayenda khomo ndi khomo kufotokozera anthu nkhani imene anali ataimva kale.

Koma mwana asanagwire tabuleti, pankafunika chilolezo cha kholo. Anatiitana Loweruka, ndipo tinapita titavala ngati tikupita kutchalitchi. Aphunzitsi a giredi seveni, mayi wachitsikana wofatsa, anaima kutsogolo n'kufotokoza m'Chishona pang'onopang'ono. Anati mwana adzajambulidwa nkhope, dzina lake ndi tsiku lobadwa zidzasungidwa pamodzi ndi malikisi, ndipo zonsezi woyenera kuziona ndi kholo lokha ndi mphunzitsi. Anatinso amene sakufuna akhoza kukana, mwana wake adzalemba papepala. Sindinama, mawu amenewa anatidutsa pamwamba. Maso athu anali pa timagalasi tija tikuwala patebulo. Kukana? Akane ndani? Aliyense anaika chala pagalasi, ndipo changa chitavomera ndinaimba nthungululu mpaka aphunzitsi aakulu anasuzumira pakhomo.

Kenako anatifunsa nambala ya foni yolandirira malikisi. Ambirife tili ndi timafoni tamabatani tija timatcha kambudzi, tosalandira zithunzi. Foni yaikulu pa komboni ponse inali imodzi, ya akazi a adalaiva a thirakitala. Nambala yawo inali ya tonse kuyambira kale. Uthenga wa maliro unkabwera pamenepo, ana athu a ku Joni ankaimba pamenepo, a kuchipatala akafuna nambala tinkapereka yomweyo. Ana oyamwa okha ndi amene sankaidziwa pamtima. Ndiye woyamba anaitchula, wachiwiri anaitchula, mpaka aphunzitsi anaika tabuleti pansi.

"Ko nhai vabereki, mese nhamba imwe chete? Nonsenu nambala imodzi? Malikisi a ana anu onse adzafikira kwa munthu mmodzi. Mukuvomereza?"

Tinaseka. Ine ndi amene ndinayankha mokweza. "Madamu, ife pa komboni timabwerekana mchere ndi moto. Foni yokha ndiye itivute?"

Oyamba kulemba anali a giredi sikisi. Netiweki kwathu imagwira malo amodzi, pachulu chachikulu kuseri kwa bani youmitsira fodya. Tsiku la malikisi amayi a foni aja anakwera pachulupo, ife tonse titazungulira pansi, ena makasu ali paphewa pochokera ku maricho, ganyu wa m'minda. Uthenga ukalowa ankakweza foni kuti tione nkhope ya mwana, n'kuwerenga dzina ndi malikisi ndi mawu onse amene makina alemba. Kunali chisangalalo chosaneneka. Wokhoza tinkamuimbira nthungululu, mayi ake n'kuvina pafumbi. Amayi a foni sanali munthu woipa, anali kutithandiza monga mwa masiku onse, ndipo liwu lawo ndi labwino, amatsogolera nyimbo kutchalitchi. Atafika pa mtsikana wina wa mzere wa nyumba zakumunsi, anawerenga kuti pa kuwerenga akadali m'mbuyo kwambiri, akufunika kubwerera ku mabuku a ana aang'ono. Anthu anaseka, wina n'kufuula kuti amugulire thewera. Mtsikanayo sabata yotsatira sanaoneke kusukulu, tinkamuona ku shedi akuthandiza mayi ake kumanga fodya.

Mwana wanga anandiuza maganizo ake tikutsuka mbale. Sanayang'ane n'komwe kumene ndinali.

"Mhamha, mayeso aja ine sindilemba."

Mbale inatsala pang'ono kundipulumuka. Ndinali nditauza kale komboni yonse kuti mwana wanga akalemba makinawo adzadabwa. "Iwe, wadwala? Anzako akulimbirana kugwira tabuleti, iwe ukuti chiyani?"

"Tabuleti ndikuifuna. Pachulu ndi pamene sindikufuna." Anapukuta manja pa siketi. "Ine ndine wamkulu m'kalasi monse, mukudziwa. Akakawerenga paja kuti ndalephera, mawa lake azimayi a ku shedi ayamba kundisankhira amuna. Adzati wakula uyu, chikoro chamukana, sukulu si yake. Mukachotse nambala ija. Mukapanda kuchotsa, ine sukulu ndasiya."

Zoti ndi wamkulu zinali zoona. Purazi limene tinkakhala kale litasintha eni tinayendayenda, ndipo iye anataya zaka asanabwerere m'kalasi. Koma chimene chinandigwira sichinali chimenecho. Mwana ameneyu anali asanandiuzepo mawu ochuluka chotere nthawi imodzi. Ndinaima ndi chinkhupule m'manja, theka ndikuopa, theka ndikusangalala kuti walankhula.

M'mawa mwake maricho ndinawasiya, ndinapita kusukulu. Panjira ndinkakonza mawu opepesera, poganiza kuti chala ukaika waika, sichibwerera. Aphunzitsi aja atamva anamwetulira.

"Mwana ndewenyu, amai. Chilolezo ndi chanu, mukhoza kuchisintha tsiku lililonse." Anadinadina pagalasi, n'kunditembenuzira kuti ndione malo a nambala ali mbee. "Malikisi ake adzakhala kuno. Akabwera ndidzakuitanani nonse awiri."

Ndinatuluka ndikuyenda ngati mwini sukulu. Ine, mayi wa maricho, ndalamula makina ndipo amvera! Nkhani yokoma chotere ndinkafunitsitsa kuipereka kwa munthu woyamba kukumana naye, koma ndinakumbukira nkhope ya mwana ndipo ndinangopereka moni.

Tsiku la mayeso ndinadzuka tambala asanatsike, n'kusita yunifolomu ndi simbi yamakala mpaka mizere inaima. Makolo tinawaperekeza ana ngati akupita kukakwera ndege. Aphunzitsi aakulu anatithamangitsa pamawindo, ife n'kuzungulira kuseri kukasuzumira pa windo lina. Ndinamuona wanga atawerama, chala chikuyenda pagalasi mosazengereza, mlomo wam'munsi atauluma monga ankachitira bambo ake posoka matumba. Azimayi anzanga ankandikoka chitenje kuti nawonso aone. Atatuluka ndinamuthamangira kumufunsa kuti zinali bwanji. Anati "bho".

Masiku odikira anali aatali. Kenako madzulo ena anabwera ndi uthenga woti aphunzitsi akutifuna mawa ana akaweruka. Tinalowa awiri m'kalasi mopanda anthu, aphunzitsi anatseka chitseko, n'kutiikira tabuleti patsogolo. Manambala ake sindiwalemba pano. Polemba nkhani ino ndinapempha chilolezo kwa mwini wake, ndipo anandilola kunena chinthu chimodzi chokha, choti anakhoza. Koma abale, kukhoza kwake! Aphunzitsi anawerenga masamu, n'kubwerezanso, n'kunena kuti mwana ameneyu zivute zitani apite ku sekondale. Miyendo yanga inayamba kuvina ndisanaiuze. Ndinakumbatira aphunzitsi, ndinakumbatira mwana, ndinatsala pang'ono kukumbatira ndi tabuleti yomwe. Nthungululu inali itafika kale pakhosi.

Titangotuluka, pansi pa mtengo wa mango, mwana anandigwira dzanja.

"Mhamha, musauze munthu."

"Iwe! Nkhani yabwino imabisidwa? Ukanalephera ndikanamva. Koma wakhoza, mwanangu, wakhoza! Ndiwauze amve, aja ankati wakula aja!"

"Mukanena lero kuti ndakhoza, tsiku limene mudzakhale chete onse adzadziwa kuti ndalephera. Ndiye kuchotsa nambala kuja kudzakhala kwa chiyani?"

Ndinayesa kunyengerera kuti nditchule kwa azibusa okha, kapena kwa mlongo wanga wa ku Raffingora amene ali kutali. Anapukusa mutu. Maso ake anali pa ine, osakwiya, osapempha, akungodikira kuti aone chimene mayi ake ali.

Njira yochokera kusukulu kupita kukomboni imadutsa pa bani, ndipo palibe ina. Tisanafike tinamva kale nthungululu. Malikisi a giredi seveni anali atalowa, amayi a foni ali pamwamba pa chulu, anthu ali mbwee pansi. Mnzanga wina ankavina fumbi lili koboo chifukwa mwana wake wapeza malikisi amene, Mulungu andikhululukire, sankafika ngakhale m'chiuno mwa a mwana wanga. Ndinayesa kudutsa m'mphepete, koma munthu wa pakamwa ngati ine sadutsa osaoneka.

"Achemwali!" Anali amayi a foni, akundikodola ndi foni yomweyo. "Imani kaye. Ndafufuza mameseji onse, a mwana wanu palibe. Asi netiweki yadya? Kapena sanalembe?"

"Analemba," ndinatero. "Ake sabwera pafoni. Ndinakasintha kusukulu."

Phokoso linatsika. Amayi a foni anatsitsa dzanja, nkhope itagwa pang'ono, ndipo ndinamva chisoni chifukwa anali atatitumikira zaka zambiri osadandaula. Kenako mayi wina wa ku shedi, amene amadziwa zaka za mtsikana aliyense pa komboni, anasendera pafupi n'kundisisita paphewa.

"Pepani, asisi. Tamva. Zikavuta munthu amabisa, ndi zoona. Musadandaule, chikoro si cha aliyense. Mtsikana wakula bwino uyu, sasowa pokhala."

Manambala aja anali pansonga ya lilime, onse, m'ndondomeko yake, ndipo ndikanawatchula mayi ameneyu akanakhala pansi. Anthu onse ankandiyang'ana, podziwa kuti ine sindinasiyepo funso lopanda yankho. Ena anali atayamba kale kumwetulira, kudikira kuti ndiphulike. Kumbuyo kwanga ndinkamva kupuma kwa mwana.

"Malikisi ndi ake," ndinatero. "Amene akuwafuna afunse mwini wake. Mawa akupita kusukulu, ndipo chaka chamawa akupitanso. Tiyeni tidutse."

Palibe anafunsa. Tinadutsa pakati pawo, ine thukuta likutsika msana ngati ndasenza thumba la chimanga, ndipo kumbuyo ndinamva wina akunong'ona kuti ndiye kuti walepheradi. Ndinaluma mano n'kupitiriza kuyenda. M'moyo mwanga ndagwira ntchito zolemetsa, m'bani ndi m'munda momwe, koma sindinatopepo ngati tsiku limenelo.

Titapitirira mjigo, pamene njira imakhota kulowa m'mizere ya nyumba, mwana anachepetsa liwiro mpaka tinayamba kuyenda phewa ndi phewa. Analowetsa dzanja lake m'mkono mwanga, chinthu chimene anasiya ali wamng'ono.

"Mhamha," anatero motsitsa mawu, "pali zina zimene sindinakuuzeni."

Sitinalowe m'nyumba. Tinakhala pakhonde, iye akulankhula, ine ndikumvetsera, mpaka nkhuku zinalowa zokha. Zina zinandiseketsa, zina zinandiliza, ndipo china ndinachita kudzuka nacho m'mawa kukachikonza. Zimenezo sanandilole kuti ndilembe.