Chitenje M'dziwe la a Harold

Ndikukumbukira chilimwe chimene ndinatha msinkhu, tikukhala kutsidya la nyanja, m'tauni ya Wheaton. Amayi ankasamalira nkhalamba ina yachizungu m'tauni yapafupi ya Rockville, a Harold, ndipo sukulu ikatsekera ankanditenga kuti ndisamangokhala ndekha. A Harold pa unyamata wawo anali katswiri wosambira, ankaseweranso mpira wa m'madzi, uja woponyerana ndi manja miyendo ikupalasa osagunda pansi. Koma ine ndinawapeza miyendo itafa kale, ali pa wilitcheya, mpando wa matayala uja, mapewa okha ndiwo anatsala otambalala ngati chitseko.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali dziwe losambiramo. Atamva kuti sindidziwa kusambira anakwiya ngati ndawatukwana, nayamba kundiphunzitsa ali pampando pomwepo. Amayi analola monyinyirika, koma anaika lamulo: namwali saonetsa ntchafu pamaso pa bambo wamkulu. Choncho ndinkalowa m'madzi nditamanga chitenje pamwamba pa zovala zosambira. A Harold ankadandaula tsiku ndi tsiku, amayi n'kumangomwetulira, osasintha maganizo.

Tsiku lina ndinadzimva ukatswiri, ndinasambira mpaka mbali yakuya. Pobwerera chitenje chinandikulunga miyendo. Ndinayesa kupalasa, sizinatheke. Ndinamira, ndinatumphuka, madzi owawa mankhwala aja analowa m'mphuno ndi m'kamwa. Mantha amenewo sindinawamveponso.

"Vula nsaluyo!" anakuwa a Harold, akumenya mkono wa wilitcheya. "Vula msanga!"

Ndinawamva bwinobwino, dzanja langa linafika pa mfundo. Koma maso anga anali pa amayi, amene anathamanga kuchokera kukhitchini naima m'mphepete, manja ali m'mutu. Iwo sankadziwa kusambira. Ine, chitsiru changa, ndinkadikira kuti andilole. Ndinamiranso.

Nditatulutsa mutu ndinamva mawu a amayi atasasa: "Tadala, masula! Iwe, usayang'ane ine, masula mwana wanga!"

Ndinakoka mfundo, nsalu inatsetsereka, miyendo inamasuka. Ndinapalasa mmene a Harold anandiphunzitsira mpaka m'mphepete, kumene ndinawapeza atadzigwetsa pampando, ali chafufumimba pasimenti. Anandigwira mkono mwamphamvu moti zala zawo zinandisiyira mikwingwirima. Amayi anakhala pansi n'kulira mokweza, osasamala kuti ali pantchito. M'galimoto pobwerera dzanja lawo silinachoke pabondo langa.

Amayi sindiwaimba mlandu. Ankandilera mmene iwo analeredwera, kudera kumene atsikana sankasambira m'madzi opitirira m'chiuno. Chimene chimandiopsa mpaka lero si madzi aja ayi, koma kuti ndinali wokonzeka kumira kusiyana n'kuwachititsa manyazi. Pano ndili ndi mwana wamkazi, ndipo ulemu ndimamuphunzitsa ndithu, kugwada ndi zonse. Koma ndinamuuza molimba mtima kuti moyo wake ukakhala pangozi asadzadikire chilolezo cha munthu, ngakhale changa.