Munthu Amene Ankati Anakana Msewu

Ku Mponda, kuseri kwa malo ogulitsira matabwa, kumakhala bambo wina wamtali, waimvi, amene ana a m'deralo amangomutcha kuti aPulofesa. Dzina lawo ndi a Zubair Ibrahimu. Amakhala okha. Alibe galimoto, amayenda pa njinga yakapalasa, ndipo ambiri oyandikana nawo sakhulupirira kuti munthu ameneyu anaphunzitsapo pa yunivesite.

Anabadwira m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja ku Makanjira. Mayi awo anamwalira iwo ali aang'ono, ndiye anawalera ndi mlongo wawo wamkulu, Asiatu. Asiatu sanapiteko kusukulu. Ankagula usipa wouma kwa asodzi n'kukagulitsa ku Mangochi. Pa tchuthi mlongo wakeyo ankamuperekeza, atakhala pamwamba pa matumba m'lole. Nthawi ya dzinja lole inkatitimira m'matope, anthu n'kugona panjira, usipa n'kuyamba kuchita nkhungu. Chimene chinkamuzunguza mutu Zubair n'chakuti chapafupi pomwepo panali nyanja, yopanda matope, yopanda mlatho woti n'kukokoloka, koma katundu yense ankavutikira pamtunda.

Sukulu inamuyanja. Anapita ku sekondale, kenako ku Blantyre kukaphunzira za uinjiniya, ndipo atagwira ntchito pang'ono anapeza mwayi wokapitiriza maphunziro ku Netherlands. Kumeneko anaphunzira za kayendedwe ka anthu ndi katundu: momwe dziko lingasamutsire anthu ake popanda kuwononga mafuta ambiri, ndalama zambiri ndi mpweya womwe anthuwo amapuma. Anaona akuluakulu a boma akupita kuntchito pa njinga, ndipo mabwato onyamula katundu akudutsa pakati pa mizinda. Zinamusangalatsa, koma analibe womuuza. Pa tsiku la Idi ankaswali ndi anthu a mitundu ina, akatero n'kubwerera kukachipinda kake kukadya buledi. Kumudzi anasiya mkazi, Zakia, atangokwatirana kumene. Zakia anadikira, koma atamva kuti mwamuna wake akuwonjezera zaka zina kuti atenge digiri ya udokotala, amalume ake anakhala pansi ndi akuchimuna n'kuthetsa banja. A Zubair anamva nkhaniyo pa foni, ataima m'khonde la laibulale. Sanakwatirenso.

Atabwerera anayamba kuphunzitsa pa yunivesite ina mu Blantyre. Anzawo ankagula magalimoto, iwo anagula njinga, ndipo ophunzira ankaseka akawaona akutsika pa geti, mwendo wa buluku ataumanga ndi mphira. Koma m'kalasi ankawamvera. Ankawafunsa kuti n'chifukwa chiyani misewu ya m'tauni imamangidwa ngati aliyense ali ndi galimoto, pamene anthu ambiri amayenda wapansi kapena pa kabaza. Ankalemba za njanji, za minibasi, za maboti. Zolemba zawo zinkawerengedwa kunja, ndipo ankaitanidwa kumisonkhano ku Nairobi ndi ku Kigali. Kuno kwathu akamaliza kulankhula anthu ankaomba m'manja n'kudzuka kukadya nkhomaliro.

Asiatu sankaimvetsa ntchito imeneyi. Anawafunsapo ngati amamanga misewu, iwo anati ayi. Anafunsa ngati amakonza magalimoto, anatinso ayi. Basi iye anayamba kuuza anthu kuti mlongo wake ndi mphunzitsi wa ana asukulu a ndevu. Chaka chilichonse a Zubair ankapita kumudzi kukadya Idi, ndipo Asiatu ankawaphikira mpunga ndi chambo, n'kumawadzudzula kuti awonda.

Ndiye kunabwera chaka china pamene nkhani ya msewu wa phula wopita ku Makanjira inatenthanso. A Zubair anali atachita kafukufuku wa dera lomwelo. Maganizo awo anali akuti msewu ndi wofunika, koma utenga zaka kuti uthe, ndipo ukatha udzafuna kusamalidwa. Podikira zimenezo, boma likanayamba laika maboti odalirika, okhala ndi madoko abwino ndi nthawi yodziwika yonyamukira, onyamula nsomba, odwala ndi ana asukulu. Pa msonkhano wina ku Lilongwe mtolankhani anawafunsa kuti pa ziwirizi choyamba chikhale chiti. Iwo anayankha mosabisa kuti maboti. M'mawa mwake wailesi ina inalengeza kuti katswiri wina, amene kwawo ndi ku Makanjira komweko, wanena kuti derali silikufunika msewu wa phula.

Poyamba sanade nkhawa. Analemba nkhani yofotokoza bwino zomwe ankatanthauza, ndipo inatuluka m'nyuzipepala ya Chingerezi. Anaona ngati nkhani yathera pomwepo.

Idi itayandikira anakwera lole ku Mangochi monga mwa nthawi zonse. Atadutsa Malindi, lole inagwera m'dzenje, mayi wina n'kumenyetsa mutu ku chitsulo. Pomwepo nkhani ya msewu inabuka, ndipo posakhalitsa inafika pa munthu uja wa pa wailesi. Okwerawo sankadziwa kuti ali naye limodzi. Wina anati munthuyo anadyetsedwa ndi azungu. Wina anati sukulu ikachuluka imachotsa chisoni. Mayi wovulala uja anati akanakonda mkazi wa munthuyo adzayambe matenda a uchembere usiku wa mphepo ya mwera, aone ngati adzamukweze boti. A Zubair sanadziulule, anangogwira chikwama chawo pamiyendo mpaka anafika.

Kumudzi Asiatu anawalandira bwino, koma mwamuna wake, Che Mustapha, msodzi wa makoka a chilimira, anayankha moni ndi milomo yokha. Pa chakudya a Zubair anayesa kufotokoza. Che Mustapha anawamvetsera mpaka kumapeto, akusamba m'manja.

"Alamu, inu mukadwala mumadwalira ku Blantyre," anatero. "Ife timadwalira kuno."

Ku mzikiti anthu anaswali nawo mzere umodzi, koma potuluka manja amene ankawapatsa anali ozizira, ongokhudza n'kuchotsa. Munthu amene anakula naye anatembenuka n'kuyamba kufunafuna nsapato zake. A Zubair sanadikire kuti tchuthi chithe. Ananyamuka tsiku lotsatira, akunamizira ntchito.

Chaka chotsatira sanapite. Chinacho anali ku msonkhano kunja. Kenako kusapitako kunangosanduka chizolowezi. Ankatumiza shuga, nsalu ndi mankhwala kudzera kwa madalaivala a lole, ndipo ankaimbira foni Asiatu, n'kukambirana za mvula ndi za kusowa kwa nsomba. Iye akafunsa kuti abwera liti, ankayankha kuti ntchito ikachepa. M'zaka zimenezo maboti aja sanabwere, ndipo a Zubair anasiya kulemba za nyanja, n'kutembenukira ku za njinga zamoto zoyendera magetsi. Tsiku limene anapatsidwa upulofesa, kutsogolo kwa holo anawasungira mipando ya achibale. Panalibe wokhalapo, mpaka ojambula anaikapo zikwama zawo.

Patapita zaka zambiri foni inalira masana ali mu ofesi. Anali Che Mustapha, koyamba chiyambire. Ananena mwachidule kuti achemwali awo, Asiatu, sakudzuka, ndipo akuwatchula.

Anamupeza Asiatu atagona pa mphasa m'khonde la kuseri, atatha thupi, koma maso ali owala ngati kale. Anawayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti imvi zawachulukira kuposa iye. A Zubair anakhala pansi pambali pake n'kuyamba kupepesa. Anafuna kufotokozanso za wailesi ija, kuti sanakane msewu, kuti anawamva molakwika. Asiatu anawagwira dzanja kuti asiye.

"Ine za maboti ndi misewu sindizidziwa, achimwene. Anthu anakwiya, inde. Anandinena kuchitsime mwezi umodzi kapena iwiri, kenako kunagwa maliro, kunabwera njala, anapeza zina zokamba. Amene sanaiwale ndinu nokha."



"Ine ndimaphika mpunga chaka chilichonse," anatero Asiatu. "Ndimangoti mwina mubwera."

Anakhala kumudziko mpaka mlongo wawo anamwalira, ndipo ananyamula nawo jeneza kupita kumanda. Pa maliropo anthu anawapatsa moni ngati munthu wina aliyense wofedwa. Achinyamata sankawadziwa n'komwe. Mnzawo uja wa ku mzikiti, tsopano woyendera ndodo, anawakumbatira n'kuwafunsa ngati akadali pa uphunzitsi. Palibe anatchula za msewu. Zimenezi zinawapweteka kuposa mawu a m'lole muja, chifukwa anaona kuti zaka zonsezo chitseko chinali chotsegula.

Atapuma pa ntchito anaganiza zokakhala kumudzi, koma analephera. Popanda Asiatu mudziwo unali wa eni, komanso ankafuna magetsi ndi intaneti, poti mayunivesite amawatumizirabe zolemba za ophunzira kuti aziwunike. Ndiye anagula nyumba ya ku Mponda ija, pakati pa kwawo ndi kumene anakhala moyo wawo wonse. M'mawa amawerenga. Dzuwa likapepa amapalasa njinga mpaka pa mlatho wa Shire, n'kuima pambali kuonerera akabaza akulimbirana njira ndi malole. Nthawi zina mphunzitsi wina amene anadutsa m'manja mwawo amawaimbira kufunsa nzeru, ndipo iwo amatalikitsa nkhani dala kuti foni isaduke msanga.

Mwezi uliwonse amapita ku Makanjira. Che Mustapha anasiya usodzi, maso anachita khungu, ndipo ana awo onse ali ku Joni. A Zubair amawatengera mankhwala a m'maso ndi masamba a tiyi. Amawawengera zikhadabo, amawawerengera mauthenga a ana pa foni, ndipo Lachisanu amawagwira mkono popita ku mzikiti. Sakambirana zambiri. Amakhala pa khonde, wina uku wina uku, mpaka mthunzi utasuntha n'kusunthanso mipando. Che Mustapha akamva kuti alamu awo akulongedza chikwama amangofunsa kuti abweranso liti, ndipo a Zubair amatchula tsiku lenileni.

Akafika ku Mponda amatsegula mawindo kuti fungo la nyumba yotsekedwa lituluke, amateleka madzi a tiyi, n'kuyatsa kompyuta. Sabata yathayi anapeza zolemba za mtsikana wina wa ku Zambia, za amayi oyenda mtunda wautali kupita ku msika. Anavala magalasi n'kuyamba tsamba loyamba.